Kalata ya pa 8 Malichi 1992, ndi tsiku limene ndinakana kuti ndinali kutchalitchi

Sabata yathayi ndakhala ndikuchonga mayeso oyeserera a ana anga a Fomu 4. Funso lina linali loti atchule zimene zinachititsa kuti ulamuliro wa chipani chimodzi uthe m'Malawi muno. Pafupifupi mwana aliyense anayamba ndi kalata ya maepiskopi ya 1992, ndipo ndinawapatsa malikisi awo chifukwa sanalakwe. Koma ndikuchonga choncho mtima sunali m'malo. Kalata ija yasanduka mzere umodzi woloweza usiku woti mawa mayeso, ndipo amene tinaisandutsa choncho ndife tomwe aphunzitsi. Ndiye ndati ndilembe zimene mphindi 40 za piriyodi sizindilola kunena, kuphatikizapo mbali yanga imene sindinauzepo kalasi ina iliyonse. Amene munadutsa m'manja mwanga mundikhululukire kuti mukuimva lero.

Kwa inu amene munabadwa matipate atabwera kale, ndiyambe ndi khadi. Munthu aliyense ankayenera kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party chaka ndi chaka. Pachipata cha msika, pokwerera basi, nthawi zina ngakhale pachipatala, pankaima anyamata a Yufi atavala malaya ofiira. Wopanda khadi ankabwerera ndi tomato wake pamutu. Amayi ena ankauzidwa kuti agulirenso mwana wa kumsana. Kusukulu tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Dr Banda anali Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, wayilesi n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Jack Mapanje, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anali kundende ya Zomba. Zonsezi akuluakulu ankazidziwa, koma ankazinena monong'ona, atayang'ana kaye pazenera.

Mu 1992 ine ndinali Fomu 2 pasekondale ina yoyendera kwathu ku Ntcheu. Bambo anga anali katekisiti pa nthambi ina ya parishi yathu. Wansembe ankafika kamodzi pamwezi, masabata enawo mapemphero ankatsogolera ndi bambo. Loweruka pa 7 Malichi anapalasa njinga kupita kuparishi, ndipo pobwera anali ndi kabuku kamene anakabisa mkati mwa malaya. Usiku anakawerenga pa koloboyi. Ife ana tinali titagona pamphasa kuchipinda chinacho, koma ine tulo tinali tisanabwere, ndipo ndinamva amayi akufunsa kuti, "Abambo, zimenezi mukawerenga pagulu mawa? Nanga ana awa adzalera ndani?" Bambo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ambuye maepiskopi asayina mayina awo. Ine angondipempha kuwerenga."

Kabuku kameneka ndiko kalata imene pa Chingerezi imatchedwa Living Our Faith. Inasindikizidwa kwa a Montfort ku Balaka, makope 16,000: a Chichewa 10,000, a Chitumbuka 5,000 ndi a Chingerezi 1,000. Taonani manambalawo bwino anzanga. Kalata yolembera boma kapena akazembe a mayiko akunja ikanakhala ya Chingerezi chokhachokha. Iyi inalembedwera amayi a tomato aja. M'dziko limene linali ndi akazitape pa ngodya iliyonse, makope onsewa anafika m'maparishi kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa popanda wowaletsa panjira. Pansi pake panali mayina a Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Matthias Chimole a ku Lilongwe, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a kwathu ku dayosizi ya Dedza, ndi Monsignor John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu.

Mawa lake linali Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti. Itakwana nthawi ya ulaliki, bambo anatsegula kabuku kaja. Ine ndinali kutsogolo ndi anyamata a kwaya, ndiye ndinkaona bwinobwino pepala likunjenjemera m'manja mwawo. Poyamba anthu sanatekeseke, popeza makalata a maepiskopi ankabwera kawirikawiri ndipo ambiri tinkawamvera tikuwodzera. Koma atafika ponena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a anthu apantchito ndi mitengo yonyozeka imene alimi ankagulitsira mbewu zawo, kutsokomola kunatha m'tchalitchi. Anawerenga za makalasi odzaza opanda mabuku ndi aphunzitsi okwanira, za zipatala zopanda madokotala, za ziphuphu ndi kukondera achibale. Kenako anafika pa zimene sitinaganizepo kuti zinganenedwe masana: anthu otsekeredwa zaka popanda kuzengedwa mlandu, kuletsa mabuku ndi kutseka pakamwa anthu oganiza mosiyana, mphatso zokakamiza, ndi khadi lija loletsa munthu kulowa mumsika. Agogo ena kumbali ya azimayi anayamba nthungululu, n'kuidula pakati ngati awagwira pakamwa. Pa benchi yachitatu panali a tcheyamani a nthambi ya chipani, amenenso anali Mkatolika mnzathu wopereka chakhumi mokhulupirika. Anangoweramitsa mutu, chipewa chili pa bondo. Amuna awiri kapena atatu anatuluka mwakachetechete kalata isanathe.

M'kalatamo munalibe nkhani yachilendo ngakhale imodzi. Ife amene tinaphunzira Sitandade 1 pansi pa mtengo sitinkafunika episkopi kuti atiuze kuti makalasi ndi ochepa. Kalatayo sinatukwane munthu, sinauze wina kuti achoke pampando, ndipo inayamikira zabwino zimene boma linachita. Maepiskopiwo ankaona ngati akutsina khutu mnansi. Chachilendo chinali malo ndi mayina. Zonong'onezana kuseri kwa nkhokwe zinanenedwa paguwa, tsiku limodzi, m'dziko lonse, ndi anthu amene aliyense ankadziwa kumene amagona. Ndipo ananena poyera kuti akulankhula chifukwa cha chikhulupiriro chawo: munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, choncho Mpingo sungakhale chete iye akamaponderezedwa.

Boma silinachedwe. Lachiwiri pa 10 Malichi maepiskopi anaitanidwa kupolisi ya Kanjedza ku Blantyre, kumene anawapanikiza ndi mafunso kwa maola asanu ndi atatu. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Pa 11 Malichi akuluakulu a chipani anachita msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe, kumene ena ananena mosabisa kuti maepiskopiwo aphedwe. Chimene sanadziwe n'chakuti tepi ya msonkhanowo ituluka kunja ndi kumveka pa BBC. Nyuzipepala ya Malawi News inalemba ndemanga yoti anthu amenewa asachitiridwe chifundo. Nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka anaiyatsa moto. Amene ankakumbukira za ku Mwanza sankaona ngati mawu a pamsonkhano uja ndi ongoopseza.

Tsono mbali yanga. Lachinayi la sabata yomweyo kusukulu kwathu kunabwera mkulu wina wa chipani ndi anyamata awiri. Analowa m'kalasi mwathu nthawi ya Masamu, aphunzitsi n'kuima pambali choko chili m'manja. Mkuluyo anati amene anali kutchalitchi cha Katolika Lamulungu akweze mkono. M'kalasimo Akatolika tinalimo oposa khumi. Unakwera mkono umodzi wokha, wa mtsikana wina wofatsa amene ankakhala kumbuyo, woti pamkangano wa m'kalasi sankayankhula n'komwe. Anamufunsa ngati anamva kalata ija. Iye anati, "Eya, ndinamva yonse." Analemba dzina lake m'kope. Kenako mkulu uja anatembenukira kwa ine, chifukwa dera lonse linkadziwa kuti ndine mwana wa akatekisiti.

"Nanga iwe?"

"Ndinadwala malungo, bwana. Sindinapite."

"Bambo ako anabwera ndi pepala lililonse kunyumba?"

"Sindinaone kanthu, bwana."

Ndinali nditaimba kwaya Lamulungu limenelo, ndipo theka la kalasi linandiona. Palibe anandiulula. Mtsikana uja sanamuchite kanthu, dzina lake linangothera m'kope muja, koma pamene ankakweza mkono iye sankadziwa kuti zithera pomwepo.

Bambo anawatenga Loweruka. Anagona masiku awiri kupolisi, kabuku kaja anawalanda. Atawafunsa amene anawerenga kalata kutchalitchi kwathu anayankha kuti ndi iwowo, ngakhale kuti ofunsawo ankadziwa kale. Anabwera Lolemba madzulo ali ndi nsabwe m'malaya, amayi n'kuwatenthetsera madzi, ndipo Lamulungu lotsatira anatsogolera mapemphero monga mwa masiku onse. Pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo, tsiku lomwe boma linathamangitsa Monsignor Roche m'dziko muno, kutchalitchi kwathu kunawerengedwa mbiri ya masautso a Ambuye Yesu. Atafika pamene Petulo akuwotha moto m'bwalo la mkulu wa ansembe, ine ndinayang'ana pansi. Inu achinyamata mwina simudziwa kuti chizindikiro cha chipani chija ndi tambala wakuda. Chaka chimenecho tambala ndinkamuona paliponse, pa nsalu za amayi a mbumba ndi pa mabaji, ndipo sankandisangalatsa.

Zotsatira zake mumazidziwa, ndingodutsamo. Pasanathe masabata awiri ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu ku Zomba kugwirizana ndi maepiskopi, koleji n'kutsekedwa. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi sitiraka inayambira kufakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, inafalikira, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa. Mwezi womwewo mayiko othandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo losakhudza njala ndi othawa kwawo. Ku Mzuzu Mbusa Aaron Longwe wa sinodi ya Livingstonia anamangidwa atalalikira pa Mika chaputala 7. Mu Juni atsogoleri a CCAP pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches anapereka kalata yawo kwa Dr Banda, ngakhale sinodi ya Nkhoma inakhalabe kumbali ya boma. Kunabadwa Public Affairs Committee, mmene munalinso Asilamu, maloya ndi amalonda. A Orton Chirwa anamwalira kundende mu Okutobala, mwezi womwe Dr Banda analengeza riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali, kusiya tambala, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Mu sitafu rumu timakangana za nkhaniyi kawirikawiri. Mnzanga wina wophunzitsa Social Studies amati maepiskopi tisamawakweze kwambiri. Nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union inali itatha, azungu sankamufunanso Kamuzu ngati mlonda wawo, ku Zambia a Kaunda anali atagonja kwa a Chiluba mu Okutobala 1991, chilala chinali chitavuta, ndipo mwini wakeyo anali atakalamba zedi. Akuti mtengo unali utafumbwa kale, ukanagwa ndi kamphepo kalikonse. Zonsezi ndi zoona ndipo pamayeso mwana azilemba. Koma ife tikuwerenga mbiriyi tikudziwa kale mathero ake. Munthu amene anaima paguwa pa 8 Malichi sankadziwa za Paris, kapena za riferendamu. Chimene ankadziwa ndi Mikuyu, Dzeleka ndi msewu wa ku Thambani. Tikamaphunzitsa ngati kuti zonse zinali zoti zichitika basi, timawabera anthuwa chinthu chimodzi chimene chinali chawochawo.

Komanso pali funso limene ife Akatolika sitikonda kulimva, ndipo mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa chaka china ine n'kuchita chibwibwi. Anati, "Sala, nanga zaka zonsezo maepiskopiwo anali kuti?" Funso labwino. Ufulu tinalandira mu 1964, kalata inabwera patatha zaka 28. Papa John Paul II anabwera mu Meyi 1989, boma n'kumulandira ndi ulemu wonse, zinthu n'kupitirira monga kale. Atsogoleri a mipingo ikuluikulu ankapemphera pamisonkhano ya boma, ndipo Dr Banda ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Panali anthu ena amene anakana khadi lija kalekale, opanda episkopi, opanda BBC. A Mboni za Yehova ankakhulupirira kuti Mkhristu sayenera kulowa chipani cha ndale, ndiye khadi sankagula. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagwirizana kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyumba zawo zinatenthedwa, anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ndipo atabwezedwa kumeneko anathawiranso ku Mozambique, ambiri ku Mlangeni, kungodumpha malire kuchokera kwathu ku Ntcheu. Mu 1975 anawabwezanso, ndipo ambiri anakathera kundende ya Dzeleka ku Dowa, malo omwe kuyambira 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Chiletso chawo chinachotsedwa mu Ogasiti 1993, riferendamu itadutsa kale. Kaya chiphunzitso chawo mumagwirizana nacho kapena ayi (ine pa zambiri sindigwirizana nawo), khadi linali la mtengo wochepa kwambiri, ndipo akanangogula n'kuliika m'thumba palibe akanawafunsa za mumtima mwawo. Mipingo ikuluikulu sinadzuke kuwateteza poyera. Choipa kwambiri n'chakuti ena mwa anyamata amene ankanyamula zibonga anali obatizidwa a m'mipingo yathu yomweyi, ena oimba kwaya ngati ine.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwinja lokhala ndi mitengo itatu ya mango. Tili ana tinkatola mango kumeneko osadziwa kuti anabzala ndani. Ndinadzamva ndili wamkulu kale, nditayamba ntchito, nditapita kumudzi pa holide nthawi yokolola. Ndinali kutonola chimanga ndi bambo pakhonde, ndipo ndinawafunsa chimene chinawalimbitsa mtima tsiku lija, popeza ndinaona ndekha manja awo akunjenjemera. Ndinkayembekeza kuti anena za kumvera Ambuye episkopi. Iwo analoza kubwinja kuja ndi chitsononkho.

Anati pamenepo pankakhala mnzawo amene anakulira limodzi, ankawedza limodzi ndi kubwerekana makasu. Anali wa Mboni. Mu 1972 anyamata anabwera masana, anamutulutsa m'nyumba, anamumenya pabwalo akazi ake ndi ana akuona, n'kuyatsa denga. Ankamuuza kuti angogula khadi basi zithe. Iye ankangopukusa mutu. Bambo anali ataima pakhomo la nyumba yawo, khadi lawo lili m'thumba la malaya, ndipo anali atayamba kale ukatekisiti. Mnzawoyo anawayang'ana kamodzi. Iwo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Banjalo linawoloka malire usiku womwewo ndipo silinabwererenso pamudzipo.

"Zaka 20 ndinkaphunzitsa ana katekisimu ndi chitseko chimenecho pamtima," anatero bambo. "Ndiye pamene kalata ija inafika, ndinati Mulungu wandifunsanso kachiwiri. Mantha ndinali nawo, mwana wanga, kuposa a tsiku lijalo. Koma ndikanati ndadwala, sindikanathanso kuima paguwa paja."

Mawu akuti ndadwala anandilasa. Ndinasiya chimanga n'kuwauza za Lachinayi lija, za malungo anga abodza ndi za mtsikana wa kumbuyo uja. Ndinali ndisanauzepo munthu. Bambo sanadabwe. Anati anamva sabata yomweyo asanawatenge apolisi, chifukwa mtsikanayo anauza amayi ake, amayi akewo n'kuuza amayi anga kumjigo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandidzudzule zaka zonsezo. Anati, "Unali ndi zaka 16. Ine pamene ndinkatseka chitseko ndinali ndi ndevu." Kenako anandiuza kuti ndisendeze dengu pafupi, chimanga chikutayikira pansi nkhuku zikutola.